Ndinaimba mlandu mwana, wolakwa ali pathebulo panga

Pakhoma, pamwamba pa thebulo langa kuno ku Kabwata, mu Lusaka, ndinamatapo tsamba long'ambidwa m'kope la kusukulu. Lili ndi mizere yojambula ndi rula komanso manambala a pensulo amene ena ayamba kufufutika. Makasitomala akabwera kudzatenga vidiyo ya ukwati wawo amaliyang'ana n'kuganiza kuti ndi mndandanda wa anthu ondikongola. Tsambalo analemba ndi muphwa wanga, mwana wa mlongo wanga, m'masiku amene ndinkakhulupirira kuti akundidyera intaneti. Papita nthawi ndithu, koma nkhaniyi ikukana kundichoka m'mutu.

## Maola atatu a malaiti

Za 2024 sindikufunika kukuuzani, tonse tinali momwemo. Mvula inakana, madzi a ku Kariba, kumene amapangira magetsi, anatsika, ndipo pofika Seputembala kwathu malaiti ankabwera maola atatu kapena kuposerapo pang'ono, kawirikawiri anthu ali m'tulo.

Ntchito yanga ndi yolumikiza mavidiyo a maukwati ndi ma kitchen party, nthawi zina a maliro. Kamera sindigwira kwenikweni. Mnzanga wa ku Chipata ndiye amajambula za kum'mawa konse, n'kuika mafayilo pa Google Drive, ine kuno n'kudawuniloda, kudula, kuika nyimbo ndi kukonza mawu. Kale ankapatsira kondakitala wa basi memory card, ine n'kukachingamira pa Intercity. Khadi ina itasowa panjira tinalumbira kuti basi, ngakhale kuti mwamwayi mnzangayo anali atasunga kope.

Sabata imeneyo panali ukwati wa ku Katete, wochitika patangopita masiku ochepa Kulamba itatha. Mafayilo onse pamodzi anali 18 GB. Laputopu yanga ili ndi malo a 256 GB okha ndipo imakhala yodzaza, choncho chilichonse chachikulu ndimachitsitsira mu external hard drive ya 2 TB, kabokosi kosungira mafayilo kolumikizidwa ku laputopu ndi chingwe. Intaneti inkachokera pa kaMiFi, kachipangizo koikamo SIM kotulutsa Wi-Fi, kamene ndinkakasiya pazenera la kuchipinda, chifukwa m'nyumba monse mpokhapo pamene 4G imagwira bwino. Pakati pa zeneralo ndi thebulo langa pali makoma awiri.

Masamu ake anali osavuta. Usiku wabwino MiFi ija inkapereka pafupifupi 20 Mbps. Nambala imene makampani amalengeza imawerenga ma bit, pomwe imene mumaona pa Chrome podawuniloda imawerenga ma byte, ndipo byte imodzi ndi ma bit 8. Ndiye 20 Mbps ndi 2.5 MB pa sekondi. Pa liwiro limenelo 18 GB imatha m'maola awiri. Malaiti a usiku umodzi akanakwana.

Koma pa sikirini panga pankalembedwa 200 KB pa sekondi, nthawi zina 150. Pa liwiro limenelo ntchito ya maola awiri imasanduka ya maola 25. Batire la laputopu yanga silipirira ngakhale maola awiri, ndipo ulusi ukaduka pakati, fayilo ina inkayambiranso pachiyambi, bandulo n'kumapsa chabe. Amayi a mkwatibwi ankaimba foni madzulo aliwonse, mwaulemu ndithu, koma ulemu wa mtundu umene umakusowetsa tulo.

## Amene ndinayamba kuwaloza chala

Choyamba ndinakwiyira kampani ya netiweki. Ndinaimba kangapo, anandiuza zozimitsa MiFi n'kuyatsanso, ndinatero, palibe chinasintha. Ndinali ndi chifukwa chomveka chowaganizira: m'miyezi imeneyo nsanamira zambiri za netiweki zinkadalira mabatire ndi majenereta, ndipo netiweki inkagwadi m'madera ambiri. Ndinagula SIM ya kampani ina n'kuika mu foni kuti ndiyatse hotspot. Foniyo ndinaisiya pazenera lomwe lija. Liwiro linali lomwelo.

Pamenepo ndikanaima n'kudzifunsa kuti makampani awiri osiyana angadwale bwanji matenda amodzi pa ola limodzi. Sindinadzifunse. M'malo mwake maso anga anapita pampando wa pabalaza, pamene muphwa wanga ankagona.

Mnyamatayu anabwera kuchokera ku Katete kumayambiriro kwa chaka kudzabwereza maphunziro awiri a GCE, masamu ndi sayansi. Ndine malume wake, ndipo kwathu tonse tikudziwa tanthauzo la mawu amenewo: mwana wa mlongo wako ndi wako, sukulu yake ili pamutu pako, akalakwa woyamba kufunsidwa ndiwe. Ndinamupatsa pasiwedi ya MiFi kuti azitsitsa mapepala a mayeso akale ndi kuonera aphunzitsi a pa YouTube. Malaiti akabwera usiku iyenso ankadzuka kutchaja foni ndi kusita. Ine ndikatembenuka ndinkaona nkhope yake ikuwala ndi sikirini ya foni, ndikabwezera maso pa laputopu n'kuona 150 KB. Mutu wanga unalumikiza zinthu ziwirizo ngati mmene ndimalumikizira mavidiyo, ndipo chithunzi chinaoneka chokwanira.

## Pasiwedi

Ndinamufunsa kuti akuonera chiyani usiku wonse. Anandionetsa foni, panali pepala la masamu la PDF. Ndinamuuza kuti mafilimu amatha kutsekedwa msanga munthu akamayandikira. Anayang'ana pansi, sanayankhe.

M'mawa mwake ndinasintha pasiwedi. Ndipo pali chinthu china chimene ndinachita, chimene chimandipweteka kuposa pasiwediyo. Ndinaimbira mayi ake kumudzi n'kuwauza kuti mwana wawo wayamba za m'tauni, akungotha ndalama zanga ndi mafilimu pamene ine ndikuvutika kuti ndipeze ya lendi ndi ya sukulu yake yomweyo. Mlongo wanga anati ndimupatse foniyo. Zimene anamuuza sindinamve, ndinangoona mnyamatayo akuti "inde amama, inde amama", misozi ili m'maso koma osagwa.

Usiku wotsatira liwiro linali 180 KB. Pa kasikirini ka MiFi pankaoneka kuti chipangizo cholumikizidwa ndi chimodzi chokha, laputopu yanga. Ndinaiona nambala imeneyo ndi maso angawa. Ndinadziuza kuti mwina lero netiweki yadzaza.

Masiku anayi anapita choncho. M'nyumba munali zii. Ankaphika nsima, kundipakulira, kutsuka mbale, n'kukakhala pampando wake ndi kope. Malaiti akabwera ankadzukabe, koma tsopano ankasitira pafupi ndi thebulo langa, kumbuyo kwanga pang'ono. Ndinkaganiza kuti akufuna kuwala kwa nyale.

## 1 koloko usiku

Usiku wachisanu malaiti anabwera itangodutsa 1 koloko. Ndinayatsa zonse, ndinayambitsa kudawuniloda, ndipo monga mwa chizolowezi ndinatsegula ntchito ina yakale imene inali mu external momwemo kuti ndizidula podikira. Maola atatu sataya. Nambala ija inatsika mpaka 120 KB. Mouse yanga yopanda chingwe inkadumphadumpha pa sikirini, ine n'kumaigogoda pathebulo.

"Amalume, ndingayankhuleko?"

Ndinati yankhula, osatembenuka.

Anaika kope pambali pa kiyibodi, lotsegulidwa pa tsamba lomaliza. Panali madanga anayi. Loyamba linali la nthawi. Lachiwiri analemba kuti "kanyale ka external", ndipo m'munsi mwake munali mawu atatu obwerezabwereza: kakuphethira, kangoyaka, yozula. Lachitatu linali la nambala ija ya pakona pa sikirini yanga. Lachinayi analemba kuti "mouse", n'kumachonga ikamavuta. Mizere inali yambiri, ya mausiku anayi.

Ndinawerenga kuchokera pamwamba mpaka pansi. Paliponse pamene panalembedwa kuti "kakuphethira", nambala inali pansi pa 300 KB ndipo pa mouse panali chichongo. Pamene panalembedwa kuti "yozula" panali kawiri kokha: tsiku limene ndinatsitsa nyimbo ya Chichewa imene banja lija linapempha, ndi tsiku limene ndinatsitsa pulogalamu ina ndisanalumikize external. Kawiri konseko nambala inadutsa 2 MB.

"Ndimaona paphewa panu ndikamasita," anatero. "Tazulani external kaye, amalume. Mphindi imodzi yokha."

Ndinamuuza kuti ndikazula ndiye kuti zonse zaduka, chifukwa mafayilo akulowa momwemo. Anali ataganiza kale zimenezo. Anati ndiimitse kaye kudawuniloda, ndisiye vidiyo yakale ija ikusewera kuchokera mu external, n'kutsegula tsamba loyezera liwiro. Ndinatsegula Speedtest. Singano inakwera movutikira n'kuima pafupi ndi 2 Mbps. Ndinatseka vidiyo, ndinachotsa drive bwinobwino, ndinazula chingwe, n'kuyezanso. Singano inathamanga mpaka 19.

Ndinabwezera chingwe, n'kusewera vidiyo. Inagwa. Ndinazula. Inakwera. Tinachita zimenezi kasanu, chifukwa mtima wanga unkafunabe kuti ulendo umodzi zikanike. Mouse nayo inkatsatira: chingwe chikazulidwa inkayenda myaa.

Mnyamatayo sananene kuti "mwaona". Anatenga simbi yake n'kupitiriza kusita malaya. Ine ndinakhala ndikuyang'ana kope lija nthawi yaitali, malaiti akutha. Mwana amene ndinamutseka pakamwa anapeza njira yoyankhulira imene sindikanatha kuikana, ndipo anaipeza popanda intaneti, popanda kukhudza laputopu, ndi pensulo yokha.

## Chigayo pafupi ndi khutu

M'masiku otsatira ndinafufuza kuti ndimvetse, chifukwa sizinkandilowa kuti kabokosi kosungira mafayilo kangalimbane bwanji ndi Wi-Fi. Zinapezeka kuti vutoli ndi lakale ndipo ndi lodziwika. Mu 2012 kampani ya Intel inatulutsa chikalata chofotokoza mmene USB 3.0, mtundu wa kalumikizidwe kamene drive yanga imagwiritsa ntchito, imasokonezera zipangizo zopanda zingwe zimene zimagwiritsa ntchito mafunde a wayilesi a 2.4 GHz.

Nkhani yake ili motere. USB 2.0, imene inabwera mu 2000, imanyamula 480 Mbps ikathamanga kwambiri. USB 3.0 ya mu 2008 imanyamula 5 Gbps, kuposa kakhumi. Kuti zimenezo zitheke, magetsi a m'chingwe amasinthasintha mofulumira kwambiri, ndipo waya aliyense amene magetsi akusinthasintha chotero amakhala ngati kawayilesi kakang'ono kotulutsa mafunde. Mafunde a USB 3.0 si a pamalo amodzi, amamwazika ponseponse ngati phokoso, ndipo gawo lalikulu ndithu limagwera pakati pa 2.4 ndi 2.5 GHz. Pamenepo mpamene pamakhala Wi-Fi ya masiku onse, Bluetooth, ndi timapulagi ta mouse ndi kiyibodi zopanda zingwe. A Intel atayeza anapeza kuti hard drive ya USB 3.0 ikalumikizidwa, phokoso la pa 2.4 GHz linkakwera ndi pafupifupi 20 dB. Pa mawerengedwe a ma decibel, 20 dB ndi kuchulukitsa ka 100.

Amene munapitako kuchigayo mukudziwa zimene zimachitika. Mnzako ali patali pang'ono akukuuza nkhani, chigayo n'kulira pafupi ndi khutu lako. Mawu ake sanachepe, koma iwe sukumva. Umati "mwati bwanji?", iye n'kubwereza, kenako n'kuyamba kuyankhula pang'onopang'ono, liwu limodzilimodzi. Wi-Fi imachitanso chimodzimodzi. Kachidutswa ka data kakafika kowonongeka kamatumizidwanso, ndipo zikachuluka zipangizo ziwirizo zimagwirizana zotsitsa liwiro kuti zimvane. Seva imene ikukutumizira fayilo nayo ikaona kuti zinthu zikutayika panjira, imachepetsa zimene ikutumiza. Intaneti inkafika bwinobwino pazenera la kuchipinda. Inkafera m'mamita ochepa apakati pa zeneralo ndi laputopu.

Ndipo ine ndinali nditakonza zinthu m'njira yoipitsitsa imene ingatheke. MiFi yanga inali ya 2.4 GHz yokha. Makoma awiri aja ankafooketsa kale mawu ake asanafike. Malaputopu ambiri amakhala ndi ma antenna a Wi-Fi m'chivindikiro, m'mphepete mwa sikirini, mawaya ake n'kudutsa pa hinji. Ine, pofuna malo oyendetsera mouse, ndinkaimika external kumbuyo kwa sikirini, yotsamira chivindikiro chenichenicho, chingwe chake chitapindidwa pomwepo. Kapulagi ka mouse kanali m'port, kabowo kolowetsamo chingwe, yoyandikana ndi ya drive. Chingwe chimene chinabwera ndi drive ndinachitaya kalekale, ndipo ndinkagwiritsa ntchito china chopyapyala chimene ndinagula m'tauni pamtengo wotsika. Chingwe chabwino cha USB 3.0 chimakhala ndi chikuto cha chitsulo m'kati chotchinga phokosolo kuti lisatuluke. Chotchipa kawirikawiri chikutocho chimakhala chosakwanira, makamaka pamutu pamene chingwe chimalowa m'port.

N'chifukwa chake SIM ya kampani ina sinathandize, popeza hotspot ya foni nayonso inali pa 2.4 GHz, pazenera lomwelo. N'chifukwa chakenso foni ya muphwa wanga, kutali pampando wake, inkatsegula mapepala ake mosavuta pamene ine ndikuvutika, chinthu chimene ndinachitenga ngati umboni womutsutsa.

## Chimodzichimodzi

Usiku wotsatira tinakhala limodzi pathebulo, iye ndi kope, ine ndi laputopu. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tinagwirizana kuti tizisintha chinthu chimodzi chokha, kuyeza, kulemba, kenako china. Masiku onse aja ine ndinkasintha zitatu nthawi imodzi n'kumadabwa kuti sindikuphunzira kanthu.

Funso loyamba linali lake, ndipo linali lanzeru: tidziwa bwanji kuti si drive yeniyeniyo imene ikuchedwa kulemba? Tinatenga MiFi kuchipinda n'kuilumikiza ku laputopu ndi chingwe chake cha USB, Wi-Fi n'kuizimitsa. Pathebulo 4G ndi yofookerapo, komabe mafayilo analowa mu external momwemo pa liwiro loposa 1 MB pa sekondi, osagwa ngakhale vidiyo ikusewera. Drive inali yosalakwa pa mlandu wochedwa kulemba. Mlandu wake unali wa phokoso.

Kenako tinabwezera MiFi pazenera n'kusamutsa drive kupita ku port ya mbali ina. Laputopu yanga ili ndi ma port awiri okhala ndi kalilime ka buluu m'kati, ndi imodzi ya kalilime kakuda. Buluu kawirikawiri amatanthauza USB 3.0, nthawi zina pambali pamalembedwa SS. Yakuda ija ndi USB 2.0. Mukaunika m'kati mudzaona kusiyana: ya 2.0 ili ndi timapini 4, ya 3.0 ili ndi 9, ndipo 5 towonjezerato ndito timanyamula liwiro lalikulu limodzi ndi phokoso lake. Drive ya 3.0 ikalowa m'port ya 2.0 imagwirabe ntchito, imangotsika liwiro. Titatero, Wi-Fi inabwerera pa 19.

Poyamba ndinkaopa kuti port yakuda ichedwetsa kudawuniloda. Mnyamatayo anandiwerengera pa kope. USB 2.0 pa ntchito yeniyeni imapereka pafupifupi 30 MB pa sekondi. Intaneti yanga usiku wabwino imapereka 2.5 MB. Khomo linali lalikulu kuposa kakhumi katundu wolowapo. Usiku umenewo ukwati wa ku Katete unatha kutsika malaiti asanapite, ndipo panatsala nthawi yoti ndiwiritse madzi a tiyi.

Podula vidiyo ndimafunabe port ya buluu, chifukwa pamenepo liwiro la drive ndi lofunika. Choncho Loweruka tinakwera minibasi kupita m'tauni n'kugula chingwe chokhuthala cha USB 3.0, chotalika pafupifupi mita. Drive inachoka kumbuyo kwa sikirini n'kukakhala pashelefu ya pansi, kutali ndi chivindikiro. Kusuntha kokhako kunabweza gawo lalikulu la liwiro, chifukwa phokoso limafooka msanga mtunda ukamakula. Kapulagi ka mouse tinakaika pa kachingwe kowonjezera kuti kakhale kutsogolo, ndipo mouse sinadumphenso. Ena amakulunga mutu wa chingwe ndi foyilo ya kukhitchini. Tinayesa, zinathandiza pang'ono, koma sindinakonde kuika chitsulo chosamangika pafupi ndi port, ndipo drive yonse kuikulunga n'kuitenthetsa dala.

Patapita miyezi ndinagula rauta yokhala ndi 5 GHz, kumene phokoso la USB 3.0 silivutitsa chotero. Koma 5 GHz sidutsa makoma bwino ngati 2.4, ndiye m'nyumba yanga chimene chinathetseratu nkhani ndi chingwe cha Ethernet cha mamita 10, cholumikiza laputopu ku rauta popanda Wi-Fi, chodutsa pansi pa chitseko. Marauta ena okhala ndi port ya USB 3.0 ali ndi malo m'ma settings ouza port imeneyo kuti izigwira ngati 2.0, pa chifukwa chomwechi. Opanga zinthuzi akulidziwa vutoli. Chimene chimandiwawa n'chakuti pabokosi la drive kapena la MiFi sindinaonepo liwu limodzi lochenjeza munthu wamba, amene akutentha bandulo yogula ndi ndalama ya ndiwo.

## Nthawi zina drive imalakwadi mwanjira ina

Sindikufuna kuti wina achoke pano n'chikhulupiriro chakuti nthawi zonse ndi phokoso, n'kubwereza kulakwa kwanga kokakamira yankho limodzi. Mnzanga wina wa ku Chilenje anali ndi zizindikiro zofanana ndi zanga, koma iye anali pa chingwe cha Ethernet, kumene phokoso la Wi-Fi silingafike. Tinatsegula Task Manager, ija ya Ctrl, Shift ndi Esc, n'kupita pa Performance. Drive yake inkaonetsa Active time 100%, kutanthauza kuti inali yotanganidwa osapuma. Ankatsitsa mafayilo ambiri nthawi imodzi, antivirus ikufufuza iliyonse, singano ya m'kati mwa drive ikuthamangira uku ndi uku. Ma drive ambiri ang'onoang'ono a masiku ano ndi a mtundu wa SMR, amene amalemba mizere yosanjikizana ngati malata a padenga. Amayamba mwaliwiro, koma malo ake osungirako mongoyembekezera akadzaza amagwa kwambiri. Kwa iye mankhwala anali kutsitsira mu laputopu kaye, n'kusamutsa pambuyo pake.

Pali amene drive ikangolumikizidwa, pulogalamu ya backup imayamba kukweza mafayilo ake onse pa intaneti mwakachetechete, n'kudzaza njira. Palinso drive zokonzedwa mwa FAT32, zimene zimakana fayilo yoposa 4 GB, munthu n'kumaganiza kuti netiweki ndiyo ikudula. Zonsezi zimasiyanitsidwa ndi mayeso aang'ono omwe aja: kuyeza liwiro drive ili yozula, kuyezanso ikugwira ntchito, kuyesa pa chingwe m'malo mwa Wi-Fi, n'kulemba zimene waona.

## Foni ya ku Katete

Vidiyo inafika kwa eni ake mochedwa ndi sabata imodzi. Ndinachotsako pamtengo, iwo anathokoza, nkhani n'kutha. Imene sinathe msanga ndi ya m'nyumba.

Pasiwedi ndinamupatsa usiku womwe uja wa 1 koloko. Anailandira ndi manja awiri, n'kunena kuti zikomo amalume, ngati kuti ndamupatsa mphatso. Zimenezo zinandibaya kuposa akanandikalipira. Kupepesa kwa malume kwa muphwa wake si chinthu chimene tinakula tikuchiona. Akulu akalakwira mwana kwathu amangomugulira kanthu, kapena kumupakulira nthuli yaikulu, ndipo onse amamva kuti nkhani yatha. Ndinayesa njira imeneyo. Ndinamugulira calculator yatsopano ya sayansi tsiku limene tinapita m'tauni. Anasangalala, koma ine ndinkadziwa kuti ku Katete kuli mayi amene akugona ndi mawu akuti mwana wawo wawonongeka ku Lusaka, ndipo mwina anauzako ambuya ake ndi anthu a kutchalitchi kuti amupempherere. Mawu amenewo ndinawatumiza ndine, ndipo calculator sikanawabweza.

Lamlungu madzulo ndinaimba. Ndinamuuza mnyamatayo kuti asatuluke, akhale pomwepo amve. Ndinaika foni pa sipika.

"Mlongo wanga, zija ndinakuuzani za mwanayu sizinali zoona. Sanabe kanthu. Vuto linali la makina anga, ndipo amene analipeza ndi iyeyo. Ndinamulakwira, ndipo ndinakulakwirani inu. Amene munawauza, muwauzenso izi."

Kunali chete nthawi yaitali, moti ndinayang'ana pa foni kuti ndione ngati yaduka. Ndinkamva nkhuku ndi ana kumbuyo. Kenako mlongo wanga anati, "Ndamva, achimwene. Mpatseni foni."

Anaichotsa pa sipika n'kutuluka nayo pakhonde. Ndinamumva akuseka, koyamba m'masabata awiri. Atabwera ndinamupempha tsamba lija la m'kope. Anadabwa, anati kuseri kwake kuli masamu amene sanamalize. Ndinadikira kuti awakopere pa tsamba lina, kenako analing'amba bwinobwino motsatira rula n'kundipatsa.